A Makiyi ndi Khomo Lakuseri la Laputopu

Anthu ankangowatchula kuti a Makiyi, chifukwa cha mpukutu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwawo ngati belu la ng'ombe. Anagwira ulonda pa nyumba yosungiramo katundu mpaka imvi zinamera, ndipo m'zaka zonsezo m'katundumo simunasowe ngakhale msomali. Atapuma pantchito, ulondawo anabwera nawo kunyumba. Anaika loko pageti, pakhola la nkhuku, ngakhale pakabati ya shuga.

Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, anawatumizira laputopu kuti azionana ndi zidzukulu. A Makiyi anaiphunzira ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, lilime lili panja. Posakhalitsa anatulukira kuti mumaonekanso mpira. Tsiku lina pasikirini panabwera mawu owala akuti: dinani apa, muzionera masewera onse ulere. Anadina. Kompyuta inawafunsa ngati akuvomereza kuti pulogalamuyo ilowe, iwo anavomera mwaulemu, monga munthu woleredwa bwino. Mpira wake sunaoneke.

M'malo mwake laputopu inayamba kutentha ndi kulira ngati chigayo, ikuchedwa pa chilichonse. Kagetsi ka pafupi ndi kamera kankayaka kokha.

"Mayi, mwakhudza makina angawa?" a Makiyi anafunsa akazi awo.

"Ine ndi makina anuwo tidziwana kuti? Ngakhale kupukuta fumbi mumandiletsa."

Masana ena ali pampando akumwa tiyi, anaona kamuvi ka pasikirini kakuyenda kokha. Manja awo onse anali pakapu. Kamuvi kanapita pakona, kanatsegula zithunzi za zidzukulu, kanatseka, kenako kanalunjika ku mauthenga awo mosafulumira, ngati mwini nyumba. Magazi a ulonda anawira. Anadzuka, tiyi n'kutayikira pathalauza.

"Ima pomwepo! Ndiwe ndani?"

Kamuvi sikanaime. A Makiyi anatseka laputopu mwamphamvu, anaiika m'wadiropu pansi pa mabulangete, n'kukhoma ndi loko wamkulu kuposa onse.

"Ndam'tsekera," anauza akazi awo akupuma mwawefuwefu. "Tione potulukira."

M'mawa mwake mlamu wawo anaimba foni. "Alamu, uthenga mwanditumizirawu ndi wotani? Akuti, wokondedwa wanga, tsegula apa uone chithunzi chathu. Ine ndi inu tinajambulitsa liti?"

Asanameze malovu, anaimbanso abusa. Kenako mayi wogulitsa mazira, amene anayamba ndi kuseka kwamanyazi. Foni imeneyo anayankha ndi akazi awo.

"Valani nsapato," anatero atadula. "Tikupita limodzi kwa okonza. Ndikufuna ndikamve ndi makutu angawa kuti wokondedwa ameneyu akulemba ndani."

Wokonza makompyuta anali mayi wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo kashopu kake kanapanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi osoka nsapato. Pathebulo pake panali mawaya, timabisibisi ndi kapu yodzaza timanati ndi timabawuti. Anamvetsera nkhani yonse osaseka, ngakhale ya loko wa pawadiropu. Asanachite china chilichonse anaonetsetsa kuti laputopuyo isalumikizane ndi intaneti.

"Choyamba ndi chimenechi, bambo. Akubawa amadzera pa intaneti. Tikadula, manja awo safika."

Anatsegula mndandanda wa mapulogalamu amene ankagwira ntchito mobisika, n'kuloza imodzi. Dzina lake linkafanana ndi la pulogalamu yeniyeni ya kompyutayo, koma chilembo chimodzi chinali chosiyana. Anawaonetsanso kuti inadziika pakati pa mapulogalamu odzuka okha laputopu ikangoyatsidwa, ndipo nthawi zonse inkayesa kulankhula ndi kompyuta ina yakutali.

"Ichi timachitcha khomo lakuseri. Inu mumalowera kumaso ndi pasiwedi yanu. Uyu anadziboolera khomo lake kuseri, amalowa nthawi imene wafuna. Amaona zimene mukulemba, ndipo kamera akhoza kuyatsa."

A Makiyi anakumbukira mmene ankakhalira pamaso pa laputopuyo atavula malaya, akutokosa m'mano. Anakhala pansi.

"Ndiye anathyola bwanji? Loko wake ndi wofooka?"

"Sanathyole. Munaikapo pulogalamu ina posachedwapa? Yaulere?"

Kunja wosoka nsapato ankakhoma chidendene. A Makiyi anayang'ana kudenga.

"Ya mpira," anayankha akazi awo. "Anam'tsegulira okha geti, n'kumupatsa mpando."

"Mayi, wakubayo ndikumufuna," anatero a Makiyi. "Mungondionetsa nyumba yake. Zina ndikamaliza ndekha."

"Mwina ali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, bambo. Ndipo sakudziwani n'komwe. Amatchera misampha yambirimbiri, wakodwa wakodwa."

Mawu akuti sakudziwani anawapweteka kuposa kuberedwako.

Wokonzayo analowetsa fulashi yake yokhala ndi pulogalamu yosaka tizilombo ta m'kompyuta. Inapeza khomo lija ndi tinzake tiwiri timene wakubayo anaitanira mkati. Anazichotsa, komabe anapukusa mutu. Anati munthu amene walowa mpaka kuchipinda sungadziwe zonse zimene wasiya pansi pa bedi. Choncho anasamutsa zithunzi za zidzukulu, anaziyeza kuti n'zoyera, kenako anafufuta zonse za m'laputopumo n'kuikamo mapulogalamu atsopano kuchokera pachiyambi.

Ntchitoyo ili mkati, anawapatsa kompyuta yake kuti asinthiremo mapasiwedi onse, popeza akalewo wakubayo anali atawaona kale. Chala chimodzi chija cha a Makiyi chinkangophonya zilembo.

Wokonzayo anati: "Tchulani, ndikulembereni. Pasiwedi yakaleyi yatha ntchito, si chinsinsinso."

A Makiyi anayang'ana akazi awo. Akazi awo anakonza mpango kumutu, akumwetulira pang'ono, pokhulupirira kuti amva dzina lawo.

"Chilombo," ananong'ona a Makiyi.

"Chilombo? Galu wa kuntchito uja? Woluma anthu uja?" Akazi awo anaomba m'manja kamodzi. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukuchapirani yunifomu, kukudikirirani ndi madzi otentha, inu mumtima muli galu wakufa!"

"Anali wokhulupirika, mayi."

"Ine ndinali chiyani?"

Apa wokonzayo analephera kudzigwira, anabisa nkhope kuseri kwa sikirini. Pasiwedi yatsopano anaipanga ndi akazi awo, yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala, ndipo a Makiyi sanaloledwe kuperekapo maganizo.

Chotsala chinali kuchenjeza onse amene analandira uthenga uja kuti asatsegule. A Makiyi anakhala pakhonde masana onse akuimba foni, aliyense akumuuza mawu omwewo: si ine ndinalemba, ndipo sindinu wokondedwa wanga. Azakhali awo okalamba anati zawakhumudwitsa, chifukwa anali atauza kale anzawo kuti mwana wa mchimwene wawo wayamba kuwakumbukira.

Nambala yomaliza inali ya a Jasi, mlonda mnzawo wakale, amene anasiyana nawo mawu kalekale pa mkangano wa tochi yosowa. A Makiyi anaiyang'ana nthawi yaitali asanaimbe. Foni inangoitana osayankhidwa. Akuti aimbenso, anamva kugogoda pageti. Anali a Jasi, atavala jasi lawo lomwe lija ngakhale kunali dzuwa, laputopu ili kukhwapa ikulira ngati chigayo.

"Ndinatsegula," anatero a Jasi osapereka moni. "Ndimayesa mwapeza chithunzi chathu cha kuntchito chija."

A Makiyi anatsegula maloko a pageti limodzi ndi limodzi, n'kulandira laputopuyo ndi manja awiri.

"Choyamba, achimwene, tidule intaneti," anatero ndi mawu a katswiri. Anaitembenuza uku ndi uku kufuna podulira, osapapeza. Kenako anaibweza kukhwapa kwa mwini wake. "Tiyeni, ndikudziwa mayi wina."

Ananyamuka limodzi, ndipo asanafike pamphambano anali atayambiranso za tochi.