Zithunzi Kaye, Nyimbo Pambuyo

Madzi atalowa m'nyumba chaka chimene chija, ndinasenza kompyuta pamutu, khanda kumsana, ulendo wa kumtunda. Inali ya amuna anga, yoikira anthu nyimbo m'mafoni pa Golomoti. Koma ine sindinkasenzera nyimbo ayi. M'menemo munali zithunzi za mwana wanga woyamba, amene malungo anatilanda asanayambe n'kuyankhula komwe. Kwina kulikonse nkhope yake kunalibe.

Madzi ataphwa tinaiyatsa. Mdima wokhawokha ndi timawu ta Chingerezi. Tinapita nayo kwa bambo wina wokonza ku Mtakataka.

"Siikuona hadi diski," anatero atatsegula. "Kachitsulo aka, kosunga zonse."

"Kali m'mimba mwake momwemo, siikukaona bwanji?"

Wokonza uja anazula kachingwe, kuuzira, kubwezera. Zii. Anasintha chingwe, anasintha polowetsa. Zii. Ine maso pa zala zake, osaphethira. Kenako anakachotsa n'kukalumikiza ku kompyuta yake, khutu pafupi.

"Kakuzungulira, koma kakugogoda."

"Ndi kasenzedwe kaja," amuna anga anatero. "Anaigwedeza kwambiri."

"Mukanasenza ndinu, bambo a mwana. Munali kuti muja madzi ankandifika m'chiuno?"

Wokonza uja anazimitsa, kuyatsa, kuzimitsa, kuyatsanso. Basi anadzuka pampando.

"Kaoneka! Koma kakufa aka. Nenani msanga, ndiyambe kukopa chiyani?"

"Nyimbo," amuna anga anatero. "Timadyera pomwepo."

"Zithunzi!"

"Mayi a mwana, akuluakulu anatiuza kuti tiiwale. Muli naye wina kumsanako."

"Akuluakuluwo sanamuyamwitse."

Amuna anga ndinali ndisanawatsutsepo pagulu. Komabe ndinalowa pakati pa iwo ndi tebulo, foni yanga ndili nayo m'manja.

"Nyimbo aliyense ali nazo pamsika. Mwana wanga ali ndi ndani? Achimwene, ikani zithunzi umu."

Wokonza uja anayang'ana amuna anga, kenako ine.

"Aphiri inu, pepani. Magetsi sindiwaopa, koma mayi awa ndawaopa."

Zinayamba kulowa, chimodzichimodzi, kachitsulo kali go, go, go. Ndinamuona mwana wanga pa mkeka, mango kukamwa konse. Zisanathe zonse kanasiya kugogoda, ndipo sikanaonekenso.

Nyimbo zonse zinafera m'kachitsulo momwemo. Mu minibasi amuna anga sanandiyankhule, sabata yonse ankangondiyankha ndi mutu. Alamu anga anabwera kudzandiuza kuti ndipepese.

Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi akumwa. Kupepesa ndiye sindinapepese, mpaka lero.