Amene Anandikweza Padenga

Amene anandilakwira ndi aphunzitsi anga a sayansi a Fomu 3. Anandituma kukwera padenga la kalasi, ndipo denga litabooka anakana pamaso pa ahedi ndi mayi anga kuti sananditume. Sukulu yanga inathera pomwepo.

Chopweteka n'chakuti ndinkawakonda. Pasukulu yathu yoyendera ija, chakufupi ndi Namitambo, panalibe zida zophunzitsira sayansi, ngakhale sikelo. Iwo ankaphunzitsa ndi chilichonse chimene atola panjira. Sabata imeneyo tinali pa mphamvu yokoka ya dziko. Anajambula dziko pabolodi, lobulungira ngati dzungu, n'kulizinga ndi mivi yoloza pakati pake. Anati dziko limakoka chilichonse, ndipo kukokako sikuthera padothi pano ayi, kwalizungulira lonse monga kutentha kumazungulira uvuni wa njerwa: ukayandikira kumakula, ukatalikira kumachepa, koma sikutheratu. Ngakhale mwezi uli m'manja mwake. Anati nalo phiri la Chiradzulu limatikoka, kungoti mphamvu yake ndi yochepetsetsa poyerekeza ndi ya dziko lonse.

Zonsezo ndinazimeza. Koma atanena kuti mwala waukulu ndi waung'ono ukaisiya pamodzi imafika pansi nthawi imodzi, mtima wanga unakana.

"Sala, limenelo nde bodza," ndinatero osakweza n'komwe dzanja. "Njerwa ndi kamwala zingafike limodzi?"

Kalasi inaseka. Iwonso anaseka.

"Wamakani iwe, kutsutsa kwa pakamwa n'kwa kumowa. Tola njerwa ndi kamwala ukwere padenga apo, tione wabodza."

Tonse tinatuluka. Ndinakwera pogwira zitsulo za pawindo, mnzanga wina n'kundipatsira njerwa. Ndinaima m'mphepete mwa denga, manja onse kutsogolo. Iwo anawerenga mpaka katatu, ine n'kutaya. Phi! Kulira kumodzi. Ndinati mwina dzanja lina lachedwa, ndinabwereza. Phi! Kachitatu chimodzimodzi.

Aphunzitsi ali pansipo anafuula kuti inde njerwa imakokedwa kwambiri, koma ndi yovutanso kuisuntha, choncho siingapitirire kamwala. Pepala limachedwa chifukwa mpweya umalitchinga basi. Ndinamva. Sindinamvepo chinthu m'kalasi ngati mmene ndinamvera tsiku limenelo, ndili pamwamba, ndagonja, koma ndikuseka.

Potembenuka kuti nditsike ndinaponda pakati pa mitengo ya denga. Lata linali ladzimbiri, mtengo wapansi pake wodyedwa ndi chiswe. Ndinangoona kuwala kwasanduka mdima, ndili chagada padesiki m'kalasi, mkono wamanzere wapindika pamalo posapindika. Anzanga ananditengera kuchipatala panjinga.

Patatha sabata anatiitana ku ofesi. Mayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Anakhala pampando chakumphepete, manja pamaondo, ngati abwera kudzapepesa mlandu asanaumve n'komwe. Ahedi anafunsa kuti anandilola ndani kukwera padenga la sukulu. Ine ndinayang'ana aphunzitsi aja, mtima uli m'malo.

Iwo anayang'ana patebulo.

"Ine ndinangowauza kuti aganizire mwala ukugwa kuchokera padenga. Uyu anathamanga yekha. Mwanayu samva, aliyense akumudziwa."

Ahedi anaitana mtsogoleri wa kalasi. Mtsogoleriyo anati anali kumbuyo, sanamve bwino. Ana makumi angapo anaona, koma aliyense ankaganiza za mayeso ake.

Magazi anandikwera kumutu. Ndi mkono wabwinowo ndinawagwira aphunzitsi kolala n'kuwakankhira kukhoma mpaka mabatani kuthothoka. Ndinkangopuma ngati ng'ombe. Ahedi sanafunsenso za denga. Analemba kalata yondichotsa.

Pobwerera tinayenda mpaka kudimba kwathu. Pamenepo mayi anaima.

"Munthu wamkulu ngati uja anganame chifukwa cha iwe? Ndiwe ndani iwe?"

"Mayi, anandituma."

"Ndi amene anakutumanso kuwagwira pakhosi?"

Sindingawadandaule kwambiri. Ndinali nditamenyapo kale ana a eni kumpira, mayi n'kumayenda m'makomo kupepesa. Koma ulendo uwu ndinkanena zoona. Nthawi zonse nkhani ya sukulu ikatuluka ankangoti, "Uyu anadzichotsa yekha." Anamwalira chaka chatha akudziwa choncho.

Tsopano ndimagwira maganyu a zomangamanga. Ntchito yanga yambiri ndi kuponyera amisiri njerwa akakhala pamwamba. Ili ndi luso lake. Njerwa ukaiponya imakwera ikuchepa liwiro, chifukwa dziko likuikokera pansi, mpaka imafika poima kaye m'malere isanayambe kubwerera. Woponya wabwino amaiponya kuti ikaimire pamanja pa mmisiri penipeni, iye n'kungoitola ngati ili pashelefu. Ukaponya mopitirira umamuswa zala. Anzanga amati ndili ndi dzanja labwino. Sadziwa kuti ndimadziwanso chifukwa chake, ndipo kudziwako sikundithandiza kanthu. M'nyengo yozizira mkono wamanzere umawawa kuyambira m'mawa.

Mwezi wathawu amisiri ananditenga kukamanga nyumba ina cha ku Namadzi. Tsiku lachitatu mwini nyumba anabwera kudzaona khoma. Anali aphunzitsi aja. Anenepa, imvi zatuluka, akuti atsala pang'ono kupuma ntchito. Anaima n'kumaonerera ndikuponya.

"Amisiri, ameneyu musamutaye," anatero. "Akuponya ngati anaphunzira sayansi."

Kenako anandiyang'anitsitsa. Ndinaona nkhope ikusintha, koma anaikonza msanga.

"Aa, ndiwe kodi? Wakulatu. Unali ndi mutu wabwino iwe, koma mtima. Mtima unakupweteketsa. Mayi ali bwanji?"

Njerwa inali m'manja mwanga. Amisiri pamwamba anatambasula manja kuidikira. Ndinadziwa kuti ndikapanda kuiika pansi ndikagona kupolisi. Ndinaiika pamulu. Anzanga osakaniza matope anasiya mafosholo.

"Mayi tinaika chaka chatha, Sala. Anapita akudziwa kuti mwana wawo ndi wabodza. Mtima wanga ndi woipa, inde, kolala ija ndinagwira ndine, sindikana. Koma padenga paja munandikweza ndinu. Kuntchito sangakuchotseninso, ahedi aja kulibe, mayi kulibe. Kwatsala ine ndi anthu awa. Nenani pano, amve: munandituma kapena simunanditume?"