Tsiku limene aNyaIrani anadula buku lawo

Ndikakumbukira agogo a nyumba yoyandikana ndi yathu ku Rumphi, ndimamva fungo la mwaye wa koloboyi umene ankapala ndi supuni kuti apangire inki. Ife tinali obwera kuchokera ku Ntcheu, bambo atatumizidwa kukaphunzitsa kumeneko matipate atangoyamba. Koma agogowo anali obwera kuposa ife: mayi wokalamba wa ku Irani amene anatsatira mwana wawo, a dokotala. Amayi a pamsika ankangowatchula kuti aNyaIrani.

Masana, mphepo yochokera ku Njakwa ikamagwedeza malata, ankakhala pakhonde n'kumasongola bango ndi kampeni, kenako n'kumalemba kuyambira kumanja kupita kumanzere, bangolo likulira papepala ngati mwanapiye. Anali ndi buku la agogo awo, lolembedwa pamanja kalekale m'Chiperisiya, lokulungidwa m'nsalu yobiriwira. Tsamba lililonse linali ngati dimba losamalidwa bwino: mawu ali pakati m'timizere tiwiri, atazunguliridwa ndi mpanda wagolide ndi wabuluu, mawu ena atapendekeka m'mphepete ngati mvula yamphepo, timaluwa titabisala m'makona. Kuligwira kunali koletsedwa, ngakhale kwa a dokotala. "Maso okha, mwana wanga," ankandiuza m'Chichewa chawo chodukaduka, ine manja nditabisa kumbuyo.

Chaka chimene anayamba kuwonda, ndinawapeza tsiku lina atayala bukulo pamphasa, kampeni kali m'manja. Ndinkayesa akufuna kusongola bango. Koma anapanikiza tsamba ndi chikhatho, n'kuyendetsa mpeni pamsoko kuyambira pamwamba mpaka pansi, tsambalo n'kuchoka.

"Agogo! Mukutani?"

Sanandiyang'ane n'komwe. Anadula lina, ndi linanso, n'kumaunjika m'timilu. Ndinathamangira m'nyumba kukaitana a dokotala, amene anali atabwera kudzadya. Atafika pakhomo anaona masamba odulidwa aja. Kenako anakuwa m'chinenero chawo, nagwada, nagwira dzanja la mayi awo. A dokotala amene ankasoka anthu ovulala pangozi nkhope ili gwa, ndinawaona akulira ngati mwana.

Agogo anayankha m'Chichewa, kaya kuti nanenso ndimve.

"Ana anga ali maiko osiyanasiyana. Sakulemberana, sakuyenderana. Ndikafa adzalimbirana buku, wina adzagulitsa. Tsopano aliyense atenge masamba ake. Wofuna nkhani yonse apite kwa m'bale wake."

A dokotala anayang'ana timiluto kwa nthawi yaitali, kenako anatula dzanja lija pang'onopang'ono n'kuchoka, chakudya osachimaliza. Agogo anandiuza kuti ndipsinje timiluto ndi manja mphepo ingamwaze masamba. Kanali koyamba kuti ndikhudze golide uja, ndipo ndinagwira ndikulira. Atamaliza anangondithokoza m'chiyankhulo cha ku Rumphi kuti, "Yewo chomene."

Anamwalira dzinja la chaka chomwecho, ali ndi a dokotala okha pambali. Chaka chotsatira bambo anasamutsidwira ku Kasungu, moti sindinamve ngati ana aja anayenderanadi, kapena ngati masambawo anangofera m'masutikesi.

Mpaka lero sindidziwa amene ankalondola pamphasa paja. Chimene ndikudziwa n'chakuti mchimwene wanga ali ku Joni, ndipo sitinayankhulane chichokereni ku maliro a bambo. Katundu wawo tinagawana bwinobwino, aliyense zake zathunthu, popanda chimene wina angakachifune kwa mnzake. Masiku ena ndimalakalaka akanatisiyira kanthu kodulidwa pakati.