Namadisiki ndi Magemu a M'mphepo

Dzina lake lenileni ankalidziwa amayi ake ndi alembi a kuchipatala basi. Ena onse pamsewu wa kuseri kwa depoti ankangoti Namadisiki, iye n'kumavomera. Sitolo yake inali kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa zitsulo za njinga. Munali kauntala yagalasi yong'aluka pakona, mashelefu anayi odzaza mabokosi a magemu, wailesi yakanema ndi makina oyeserapo, komanso chitseko chathabwa cholowera kustoko, kumene munthu sakanatha n'kutambasula manja komwe.

Ntchito ya zamagetsi anaionera kwa bambo ake, amene ankakonza mawailesi. Ali mtsikana ankawaunikira ndi tochi n'kumawatolera tizitsulo togwa pansi. Bambowo atamwalira anamusiyira benchi, amayi odwaladwala ndi mlongo wake wamng'ono woti amulere. Anayamba ndi kupukuta madisiki okalika a anthu, kenaka kugula akale n'kumagulitsanso, mpaka anapeza wamalonda wamkulu womupatsa atsopano. Anakwatiwa, banja linatha, sitolo inatsala. Zaka khumi ndi zisanu zinapita chomwecho.

Disiki iliyonse ankaigwira m'mbali ngati dzira, n'kuiyang'ana padzuwa, n'kuiyesa wogula akuona.

"Chinthu ukagula uzichigwira m'manja," ankatero. "Ukatopa nacho ugulitsa, mnzako akachifuna um'bwereka. Nanga za m'mphepo zanuzi mungam'bwereke bwanji munthu?"

Koma anthu anayamba kukonda za m'mphepozo. Ankabwera, n'kutembenuza bokosi, n'kufunsa mtengo, n'kupita kwawo kukagula gemu yomweyo pa intaneti. Makina ena atsopano ankabwera opanda n'pakamwa pomwe polowetsera disiki. Masiku ena dzuwa linkafika pamutu asanagulitse kanthu.

Apa m'pamene mlongo wake anabwera ndi nzeru. Ankamutchula kuti Phuma, chifukwa anabadwa miyezi isanakwane ndipo chilichonse ankachita choncho mpaka atamera ndevu. Anati ali ndi mnzake wa pa intaneti wogulitsa maakaunti odzaza kale magemu. Munthu angobwera ndi makina ake, iye n'kumuikira akauntiyo, magemu khumi pamtengo wa disiki imodzi.

"Magemuwo ndi a ndani?" anafunsa Namadisiki.

"Ndi ogulidwa kale, achemwali. Inu musadzivutitse. Mukufuna tizingodikira kutseka sitolo?"

Sanafunsenso kachiwiri, ndipo ichi n'chimene chinadzamudya mtima pambuyo pake. Anamupatsa kona ya kauntala. Kwa miyezi itatu m'sitolo munkachita kusowa popondera.

Loweruka lina m'mawa, akupukuta galasi, Phuma analowa akuthamanga, foni ili m'manja, milomo itauma gwa.

"Achemwali, akabwera munthu, ine sindinafike."

"Watani iwe?"

Anangodutsa n'kulowa kustoko, n'kukoka chitseko. Namadisiki asanaike n'kansalu pansi, pakhomo panada. Anali Chimphona, mwini holo ya magemu ya kumtunda kwa msewu, kumene anyamata amalipira kuti asewere mpira wa pakanema. Kale ankanyamula zitsulo m'mipikisano, ndipo khosi lake linali lisanaiwale. Anakwapatira makina m'khwapa, zingwe zikukwekwereka pansi. Kumbuyo kwake kunali mayi wina, mphunzitsi wa kupulayimale, atanyamula makina ake m'chikwama cha kumsika.

"Ali kuti mlongo wanu?"

"Takulandirani, bambo. Sitolo ino ndi yanga, lankhulani ndi ine."

Chimphona anagwetsa makinawo pakauntala, galasi n'kulira.

"Lumikizani muone."

Namadisiki analumikiza. Kanema itayaka, magemu onse anaoneka ali pamzere monga mwa masiku onse, koma pa iliyonse panali kachithunzi ka loko. Anadina ya mpira. Panatuluka mawu achizungu. Mphunzitsi uja anasendera, n'kuwerenga.

"Akuti mwini akauntiyi wasintha nambala yachinsinsi, ndipo makina ano awachotsapo."

"Mwini wake uti? Mwini wake si ine? Ndinagula pompano!"

"Kwanganso kwalembedwa zomwezo," anatero mphunzitsiyo. Kenaka anayang'anitsitsa pakona ya kanemayo. "Taimani. Dzina lili apolo ndi lomwe lili pa makina anga."

Onse atatu analiyang'ana. Linali dzina lachilendo, la munthu amene palibe ankamudziwa. Akauntiyo inali yobedwa, inagulitsidwa kwa anthu ambirimbiri, ndipo mwini wake anali ataibweza m'manja mwake.

"Makina anga onse asanu ndi amodzi ali chomwechi," anatero Chimphona, mawu atatsika, zimene zinali zoopsa kuposa kukalipa. "Lero masana ndili ndi mpikisano. Anyamata makumi atatu alembetsa, ena afika kale, akhala pakhonde. Ndikawauze chiyani? Kuti mpira wapita kumwamba?"

Panja anthu anali atayamba kuunjikana. Wina anafunsa kuti kwagwanji, wina n'kuyankha kuti pali amene waba. Mawu amenewo Namadisiki ankawadziwa kulemera kwake pamsewu umenewu. Chaka chathacho anaona ndi maso ake mnyamata wina atagona m'ngalande, njerwa zili mbali zonse, chifukwa cha foni imene inadzapezeka m'thumba la mwini wake.

Anakodola wometa wa khomo loyandikana, amene anaima pakhomo lumo lili m'manja.

"Aneba, tanditsitsirani chitseko chachitsulocho mpaka theka. Muime pomwepo, asalowe wina."

Chitseko chinakukuta, m'sitolo munachita mdima. Pansi pake pankangooneka miyendo ya anthu.

"Bambo, mwa makina anuwo, olowa disiki ndi angati?"

"Onse."

Anatembenukira kushelefu n'kutsitsa madisiki a mpira, atsopano osatsegula anayi ndi akale awiri. Anawonjezera a nkhonya ndi a mpikisano wa galimoto, n'kuwaunjika pakauntala.

"Tengani. Awa palibe angawatseke ali kutali. Mpikisano wanu uchitika."

Chimphona anawayang'ana, koma sanawakhudze.

"Madisiki ndawaona. Koma munthu wandipusitsa pamaso pa makasitomala anga ndikum'funa. Ndafunsa kuti ali kuti."

"Ndati lankhulani ndi ine."

"Chabwino."

Chimphona anatulutsa foni yake, n'kudina nambala ya Phuma, n'kuiika pakauntala osachotsa maso pa iye. Kenaka kuseri kwa chitseko chathabwa kunamveka kunjenjemera kwa foni, ikugunda pachitini cha zomangira. Inalira kawiri, n'kudulidwa.

Mphunzitsi anagwira pakamwa. Namadisiki anafika pachitsekocho Chimphona asanazungulire kauntala, n'kutsamira ndi msana. Mutu wake unkalekeza pachifuwa pa bamboyo.

"Chokanipo, mayi."

"Sindichoka."

"Ndiye mumandinamiza?"

"Sindinanene kuti kulibe. Mverani panjapo, bambo. Mukamukokera uko, madzulo ano kwathu kukhala maliro, ndipo inu mukagona kupolisi m'malo mwa iye. Anyamata anuwo awayang'anira ndani?"

Kunja wina anamenya chitseko chachitsulo ndi chikhatho. "M'tulutseni!" Wometa anamveka akuti, "Tadekhani abale, nkhani sinadziwike." Mawu ake anali opyapyala.

Chimphona anapumira m'mwamba, thukuta likutsika m'masaya. "Ndiye mukufuna ndingonyamula madisiki ngati mwana wopatsidwa switi?"

"Ayi. Mumufunse nokha, pano, ine ndili pompa." Anagogoda chitseko ndi chigongono. "Iwe, tuluka."

Palibe chinayenda.

"Phuma, usandichititse kuitana kachiwiri."

Anatuluka atawerama, fumbi lili m'tsitsi. Namadisiki anamugwira pamkono monga ankachitira pomuwolotsa msewu ali mwana.

"Unkadziwa kuti n'zobedwa?"

"Achemwali, mnzanga uja anandiuza kuti…"

"Sindikufunsa za mnzako."

"Poyamba sindinkadziwa."

"Nanga pambuyo pake?"

"Mwezi watha wina anabwera, zitamutsekera. Inu munali kuchipatala ndi amayi. Ndinamuikira akaunti ina, n'kumuuza kuti asanene."

"Ine unandiikira milungu iwiri yapitayo," anatero mphunzitsi, chapansipansi. "Unkadziwa kale. Ndinakuuza kuti ndi za bambo a kunyumba, amene anafa ziwalo mbali imodzi, kuti adokotala anati azisewera zala zizolowere. Unandiyankha kuti ndisade nkhawa. Dzulo akhala tsiku lonse akuyang'ana maloko aja, akuganiza kuti adina polakwika ndi iwo."

Dzanja la Chimphona linayamba kukwera, koma la Namadisiki linafika msanga. Mbama inalira m'kachipindamo ngati thabwa lathyoka. Chiyambire kumulera anali asanamumenyepo, ndipo chikhatho chinamuyaka moto. Phuma anagwira tsaya n'kumuyang'ana ngati sakumudziwa.

Chimphona anatsitsa dzanja lake pang'onopang'ono. Kenaka anakoka jumbo pamsomali n'kuyamba kulongedza madisiki aja.

"Nkhaniyi ipite kupolisi," anatero mphunzitsi. "Pali enanso amene sanadziwebe."

"Achemwali, chonde," Phuma ananong'ona.

Namadisiki anamvetsera phokoso la panja. Linali lisanachepe. Kunalibe khomo lina lotulukira.

"Aneba," anaitana, "imbani kupolisi. Muwauze abwere ndi galimoto."

Anadikira pafupifupi ola lathunthu. Chimphona, amene akanatha kupita ku mpikisano wake, anatuluka chowerama n'kukaima pakhomo atapinda manja. "Zatha, apolisi akubwera," anauza gulu lija. "Amene akufuna kulowa ayambe wandisuntha ine." Palibe anayesa. M'katimo, Namadisiki anatsegula chikwama cha mphunzitsi n'kupeza kuti makina ake anali aja opanda polowetsera disiki. Anazula makina a sitolo oyeserapo, n'kukulunga zingwe, n'kuikapo madisiki atatu osavuta kusewera ndi dzanja lofooka.

"Anuwo asiyeni kuno, tengani awa."

"Nanga inu muziyesera pati?"

"Ndiona. Kawauzeni bambo kuti sanalakwitse ndi iwo."

Apolisi atafika, iye mwini anayenda ndi mlongo wake mpaka pagalimoto, atamuphimba kumutu ndi juzi yake, n'kukwera naye.

Phuma anagona kumeneko masiku awiri. Anapereka nambala ya mnzake uja, imene inali itazimitsidwa kale, ndi mayina a onse amene anawaikira maakaunti. Sabata yotsatira anthuwo ankabwera mmodzimmodzi, ena olusa, ena amanyazi, ndipo aliyense ankachoka ndi disiki. Pofika Lachisanu mashelefu awiri anali mbee. Odandaula atakhutira, mlandu unathera pomwepo. Phuma ananyamula chikwama n'kupita kwa amalume awo kutauni ina, osatsanzika.

Amayi awo sanamvetse. "Chibale n'fupa, sichiola," anatero pafoni. "Iwe mwana wa m'mimba imodzi n'kumuitanira apolisi?"

"Amayi, panja paja akanamupha."

"Ukanam'bisa."

"Ndikanam'bisa kuti? M'chitini?"

Amayiwo anadula foni, ndipo kwa miyezi iwiri sanamuyankhenso.

Sitolo sinatsekedwe. Namadisiki anapita kwa wamalonda wamkulu uja n'kukhala naye masana onse, mpaka anaphunzira kutsegula akaunti yeniyeni. Anayamba kugulitsanso timakadi tomata ta manambala ogulira magemu pa intaneti, pambali pa madisiki. Za m'mphepo sanazikondebe, koma anasiya kuzinyoza. Wogula akafunsa kuti chabwino n'chiti, ankamufunsa kaye ngati kwawo netiweki imagwira ndiponso ngati ali ndi anzake osinthana nawo magemu. Akasankha za pa intaneti, ankamutsegulira akaunti m'dzina lake, ndipo ikafika nthawi yolemba nambala yachinsinsi ankamupatsa padi yoseweretsera magemu n'kutembenukira kukhoma.

"Lembani nokha. Ngakhale ine ndisaidziwe."

Tsiku lina kukutentha, amayi ake anatulukira pakhomo ndi ambulera, akupuma movutika chifukwa cha mtunda wochokera kudepoti. Sanapereke moni. Anayang'ana mashelefu, n'kupempha madzi. Atamwa anapukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango.

"Uja wapeza ntchito kogulitsa matayala. Akuti usamuimbire."

"Ndamva, amayi. Ali bwino koma?"

"Wanenepa." Anakhala pabenchi n'kuvula nsapato imodzi. "Muno mukutentha ngati m'uvuni. Zaka zonsezi walephera kugula fani?"