Mzere Umene A Tembo Anajambula Pansi pa Bondo

Chizindikiro choyamba chinali masokosi. Amuna anga, a Tembo, chikwatirane sanachapepo ngakhale kampango, koma m'nyengo yozizira chaka chatha ndinawapeza kuseri kwa nyumba yathu ku Kafue Estates akuchapa okha masokosi. Ndinaseka, ndimvekere ukalamba wawaphunzitsa ntchito. Sindinadziwe kuti akubisa mafinya.

A Tembo anali dokotala wa asilikali. Ali pantchito anatumizidwa kudziko lina kumene kunali nkhondo, ndipo chipatala chawo chinali tenti. Za kumeneko sakamba zambiri. Ndimangodziwa kuti anadula miyendo yambiri ya anyamata oponda mabomba okwirira pansi.

Pambuyo pa za masokosi zija, anayamba kumwa madzi pafupipafupi, kuonda, ndi kutsimphina. Ndikafunsa, ankati nsapato yathina. Fungo ndi limene linawaulula. Nditawavula sokosi mokakamiza, ndinapeza zala ziwiri za phazi lamanzere zitada bii, chilonda chikuchucha. Ndinawauza kuti tikupita kuchipatala.

Kuchipatala cha kuno kwathu a Tembo anandilemetsa koopsa. Tili pamzere, aliyense wobwera atanyamulidwa ankamuuza kuti apite patsogolo. Akuti kunkhondo lamulo linali lakuti woyenda ndi miyendo yake adikire. Tinafika m'mawa, koma dzuwa linapendeka tikadali pabenchi, mpaka ndinakadandaula ndekha kwa a nesi. Atangoona phazilo anati, "Ba Tembo, imwe a dokota, mwafika pamenepa muli chete? Shuga yanu yakwera kwambiri. Lero lomwe mupite ku Lusaka."

Ku Lusaka anawagoneka, n'kuwaika madiripu ndi jakisoni wa shuga. M'mawa uliwonse manesi ankatsuka chilondacho, ife odikirira odwala titatulutsidwa panja. Kenaka kudikira madokotala, kudikira zotsatira za magazi, kudikira tsiku la opaleshoni limene linkangosunthidwa. Ine ndinkagona pampando, ndipo msana wanga mpaka lero sunabwerere. Ndinatopa, ndisaname. Masiku ena ndinkawakwiyira mumtima, ndili kuwadyetsa phala.

Tsiku la opaleshoni litafika, anandipempha bolopeni. Anapinda buluku, n'kujambula mzere pansi pa bondo lawo. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa zonse. Chionere chilonda chija iwo anali ataweruza kale kuti mwendo wapita, chifukwa mutenti muja phazi lotero mankhwala ake anali amodzi basi. Ankangozengereza kuti ayendeko nawo masiku ena.

Dokotala wa opaleshoni, mayi wamsinkhu wa mwana wathu Chisomo, anayang'ana mzerewo nthawi ndithu. Kenaka anati, "Atate, kuno tili ndi nthawi, tili ndi mankhwala. Magazi akufika bwino kuphazi. Ndichotsa zala zokha. Mukanabwera chilonda chitangoyamba, ngakhale zalazo tikanazisiya."

A Tembo anatembenukira kukhoma. Ndinawasiya, sindinafune kuti adziwe kuti ndaona misozi.

Anachotsa zala ziwiri zija. Chilonda chinachedwa kupola, ndipo mvula inayamba tikadali kukwera minibasi kupita kukatsukitsa. Lero mwendo ulipo. Amayenda ndi ndodo mpaka kumsika, amadzibaya okha jakisoni, ndipo nshima ndinawachepetsera ngakhale amang'ung'udza.

Inu amene muli ndi wodwala shuga panyumba, muziyang'ana mapazi ake ndi maso anu, musamangomva zoti ali bwino. Kachilonda kakaoneka, pitani kuchipatala msanga, ngakhale mwini wakeyo akhale wodziwa zamankhwala kuposa inu.

Sabata yatha ndili kutsuka mbale ndinamva akuitana kuchokera pakhonde. "Amake Chisomo, tabwerani muone. Apa pakundiwawa."

Kanali katuza kakang'ono pachidendene. Ndakhala nawo zaka zonsezi, ndawalandira kuchokera kunkhondo, koma mawu akuti pakundiwawa ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo. Ndinasiya mbale m'madzi, n'kukatenga chitenje kuti tipite kuchipatala.