Nozo Pakhosi pa Nambewe

Ku Zemba, aliyense wokhala ndi makutu amawadziwa amayi Elinata Mbewe. Anabadwa akutsutsa. Akuti azamba atalengeza kuti "mwamuna!", khandalo linakuwa mpaka azambawo anayang'ananso bwino n'kupepesa.

Anakwatiwa ndi aMateyu Sakala, katswiri wopopera thonje. Bambo ameneyu akabereka sipuleya kumsana, ngakhale mbozi za ku Mozambique zinkayamba kutsanzikana. Yunifolomu yawo inali kabudula basi. Nozo, kamlomo kotulukira mankhwala kaja, ikatsekeka, ankaiika pakamwa n'kuuzira ngati lipenga. Akaweruka ankagugudiza kapu ya mkaka, ati umatsuka poizoni yense. Amuna onse m'mudzimo ankatero.

Elinata ankangowaonera, mpaka mlongo wake Evance, amene ankapopera limodzi ndi aMateyu, anayamba chifuwa chosamva mankhwala. Ku Boma anamuyeza TB, sanaipeze. Anapita Chipata, kenako Lusaka, kumene anati ndi khansa ya m'mapapo. Elinata, pokhala womudwazika, anawapanikiza adokotala pakhomo.

"Ndi mankhwala a thonje aja?"

"Sindingalumbire kuti ndi okhawo, paja fodyanso ankasuta. Koma kupuma mankhwala zaka ndi zaka si masewera."

"Nanga mkaka?"

"Mkaka umapita m'mimba, mayi. Kumapapo ulibe njira."

Evance anamwalira, anamuika m'dzuwa la Okutobala. Thonje litayamba maluwa, aMateyu nawonso anali akutsokomola m'mawa uliwonse mpaka atambala kusiya ntchito. Tsiku lina ati atenge sipuleya, nozo palibe.

"Nambewe, nozo yanga ili kuti?"

"Nayi." Inali pakhosi, yotsukidwa ndi sopo, ikulendewera pambali pa kolona.

"Bweretsani kuno! Mbozi zikutha munda!"

"Zidye, nazonso zili ndi ana. Ine mlongo ndaika, mwamuna sindiika ayi. Zakuda sizindikhala."

"Ndikabwereka kwa anzanga."

"Pitani, bambo a Pemphero. Akazi awo ndakumana nawo kale kuchigayo."

Lamulungu limenelo amayi analowa m'tchalitchi manozo ali gwedegwede pazifuwa. Akatekisiti anayesa kuti kuparishi kwabwera mendulo zatsopano, mpaka anadandaula kuti akazi awo sanalandire.

Malamulo a Elinata sanali ambiri. Chifuwacho chikayezedwe ku Boma. Popopera pakhale masiki, malaya a manja aatali ndi jombo, mphepo ikhale kumbuyo. Nozo ikatsekeka, kaudzu kalipo, pakamwa m'podyera.

AMateyu analumbira pa manda a makolo awo kuti mwamuna weniweni savala thewera kumaso. Analimba ndithu. Koma mbozi zinanenepa ngati mikono ya khanda, moti zina zinayamba kupereka moni kwa odutsa. M'mawa wina anapopa njinga mwakachetechete. Elinata anakhala pakaliya ngati bwana, nozo ili pachifuwa.

Kuchipatala anawapatsa mankhwala, n'kuwauza kuti chifuwa chikapitirira akajambulitse ku Chipata. Elinata thiransipoti anaimanga kale pansonga ya chitenje.

Masiku ano aMateyu amapopera atakutidwa ngati chimanga cha m'khusu, anzawo osaseka poti onse akufanana. Nozo imakhalabe kwa Elinata. Amaipereka pamphepete pa munda atawayendera kuyambira kumutu mpaka kujombo, ndipo akamaliza amailanda.

"Koma inu, mpaka liti?" amatero aMateyu, mawu akutsamwa m'masiki.

"Mpaka mudzandiike ine."

Mkaka uja tsopano akuthira m'tiyi.