Dazi la Aneba Athu

"Nanga kamera ili kuti, mwanawe?" anandifunsa aneba athu ometa tsitsi, atatchena suti ya pa ukwati wawo.

Bambowa amakonda kuoneka bwino. Pagalasi la m'shopu amadziyang'anirapo kuposa makasitomala, ndipo dazi lawo amalitcha "chipumi chachitali." Ndinawapempha kuti ndiwajambule chifukwa koleji ina ikuphunzitsa zaluso kwaulere ana osauka otsiriza sekondale. Malo pakolejipo ndikuwafunitsitsa, koma pamafunika chithunzi chojambula pamanja.

Ataona pensulo anakhumudwa, komabe anakhala pansi, kumwetulira mpaka masaya kuwawa. Nditamaliza anachiyang'anitsitsa chithunzicho.

"Ndine ndithu. Koma uwonjezereko tsitsi, aprofesawo angandiseke."

Ndinatenga chofufutira n'kuwalitsa dazilo bwinobwino. Mawa ndikukachipereka chili choncho.